Lemmy ndi Phala Loyamba la Chansa

Lemmy Daka anafika ku Lusaka kuchokera ku Katete ndevu zisanamere bwino, ndipo ntchito imene anaipeza atangofika ndi yomwe akugwirabe mpaka lero: kunyamula matumba. Ku Heavy Industrial Area kuli chinyumba chosungiramo katundu kumene mathiraki amafika atasenza feteleza, mchere ndi chakudya cha nkhuku. Lemmy ndi anzake amatsitsa, amasanja, mawa lake n'kukwezanso. Ndi munthu wamtali, wa mapewa otambalala, wosakonda zolankhulalankhula. Anzake a kuntchito amati munthuyu mungagwire naye ntchito tsiku lonse osamva mawu ake, kupatula "tiyeni" ndi "zikomo".

Mwina n'chifukwa chake anakwatira Exildah, mtsikana wa Chibemba wochokera ku Mufulira, woluka tsitsi pakhonde la kantemba, kagolosale kakang'ono, pafupi ndi msika wa ku Kanyama. Exildah ankalankhula zokwanira anthu awiri, ndipo Lemmy ankakonda kumumvetsera. Anapeza zipinda ziwiri kuseri kwa nyumba ya ba Magdalene, mayi wamasiye wogulitsa malasha. Mimba yoyamba inapita padera, ndipo nyumbayo inazizira kwa miyezi ingapo. Itabwera yachiwiri, Lemmy analetsa mkazi wake kunyamula ngakhale kachigubu ka madzi. Ankatunga yekha mamawa, n'kumaima pamzere wa pampopi pakati pa azimayi, osasamala zoti akumuseka.

Koma mwana sanadikire. Anabadwa mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, mimba ili ndi miyezi isanu ndi iwiri yokha. Lemmy anamuona koyamba kudzera pagalasi ku chipatala chachikulu cha m'tauni: kamtsikana kofiira, kokwinyika, kogona m'kabokosi kofunda, kapaipi kakang'ono katalowa m'mphuno. Mkaka umene Exildah ankafinya unkadutsa m'kapaipi kameneko, chifukwa kamwanako kanalibe mphamvu yoyamwa. Lemmy anayang'ana dzanja lake, n'kuyang'ana mwanayo, ndipo anaona kuti thupi lonselo likanakwana m'zikhatho zake ziwiri. Anatuluka panja n'kukakhala pansi pa mtengo nthawi yaitali.

Mwanayo anamutcha Chansa, dzina la malemu amayi ake a Exildah. Atakhala m'chipatala kupitirira mwezi, anayamba kumwa mkaka wa m'kakapu, kenako kuyamwa pang'onopang'ono, ndipo anawatulutsa. Asanatuluke, manesi anawaphunzitsa kumufungatira pachifuwa, khungu kukhudza khungu, ndi zochita mwana akatsamwa. Lemmy anamvetsera zonse ataima pakhomo, chipewa chili m'manja. Kunyumba, Exildah akatopa, iye ankavula malaya, n'kuika Chansa pachifuwa pake, n'kumanga chitenje. Ba Magdalene akamuona ankaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Bashi Chansa, manje mwankhala ba mayo imwe?"

Lemmy ankangomwetulira. Dzina latsopanolo, lotanthauza bambo a Chansa m'Chibemba, linkamukomera.

Mvula itafika pachimake, kunabwera ba Ennie, alongo ake aakulu a Lemmy, kuchokera ku Katete kudzathandiza. Anali mayi wamphamvu, wa ana asanu, amene analera Lemmy yemweyo makolo awo atamwalira. Anafika ndi thumba la ufa, nkhuku yamoyo ndi mtima wonse. Ankachapa matewera, kusesa, kuphika, osalola mlamu wawo kugwira kanthu. Koma akamusambitsa Chansa n'kuona timiyendo take ngati timitengo ta machesi, ankapukusa mutu.

"Mlamu, mwanayu sakukhuta. Taonani, akungolira. Anga onse ndinawayamba phala ali ndi miyezi itatu, ndipo onani mmene alili lero."

"Ba mulamu, ku kiliniki banakamba ati bele chabe," ankayankha Exildah.

"Akunena za ana obadwa ndi thupi. Uyu anabadwa wochepa, ndiye afunika kuthamangira anzake."

Mawuwo sanali achipongwe. Ankachokera m'mantha omwewo amene anali mwa onse m'nyumbamo. Ndipo Exildah naye anayamba kukayikira mkaka wake. Ankaufinyira m'kapu n'kumauyang'ana padzuwa, n'kumafunsa mwamuna wake ngati sukuoneka wamadzimadzi. Lemmy anali pakati. Mbali ina kunali manesi, mbali ina kunali munthu amene anamulera.

Tsiku lina mu Febuluwale, Chansa ali ndi miyezi inayi, Exildah anaitanidwa kukaluka mkwatibwi ku Chawama. Anasiya mkaka wofinya m'kapu yovundikira, n'kulonjeza kuti sachedwa. Tsiku lomwelo mathiraki sanafike kuntchito kwa Lemmy chifukwa cha matope, ndipo kapitawo anawauza kuti azipita. Lemmy anafika ku Kanyama masana, atapinda buluku mpaka m'mawondo, chifukwa njira zonse zinali zitasanduka madambo. Atakankha chitseko anapeza alongo ake atakhala pamphasa, mwana atamugoneka chagada pamiyendo. Anali atapinda chikhatho pakamwa pa mwanayo, akuthiramo phala lamadzimadzi monga amachitira kumudzi.

Asanatsegule pakamwa, Chansa anatsokomola kamodzi, kawiri, kenako zii. Maso anatong'oka, milomo n'kuyamba kuda.

Lemmy sakumbukira mmene anawolokera chipindacho. Anangozindikira kuti mwana ali chafufumimba pamkono wake, mutu uli chakumunsi, iye akumumenya pamsana ndi tsinde la chikhatho monga anaonera kuchipatala, uku akuopa mphamvu zake zomwe. Phala linatuluka m'kamwa ndi m'mphuno. Kenako kunamveka kulira, kwakung'ono, kosasa mawu, koma kulira ndithu.

Anamukulunga m'bulangete n'kumukweza pafupi ndi khosi lake, n'kulowa m'madzi aja. Ba Ennie ankabwera pambuyo opanda nsapato, akuitana dzina la Yesu.

Ku kiliniki anakumana ndi Sisita Chilekwa, nesi wachikulire wa magalasi, amene ankamudziwa kale Chansa kusikelo. Anamuyeza, anamvetsera pachifuwa, ndipo nkhope yawo sinamasuke. Anati phala lina liyenera kuti lalowa kunjira ya mpweya, ndipo anawatumiza ku chipatala chachikulu. Exildah anawapeza kumeneko, manja adakali ndi mafuta a tsitsi. Mwana anatentha thupi, chinali chibayo, ndipo anagonekedwa kupitirira sabata. Kapaipi kaja kanabwereranso m'mphuno.

Mwana atatuluka m'chipatala, Sisita Chilekwa anawaitana onse atatu m'kachipinda kawo. Sanakalipire aliyense. Anayamba ndi kufunsa ba Ennie za ana awo, mayina awo ndi kumene ali, ndipo kenako anatembenukira kwa makolo.

"Mveseseni bwino. Chansa anabwela miyezi ibili nthawi yake ikalibe kufika. Miyezi ija anafunika ankhale mumala, osati panja. Manje ngati mupenda msinkhu wake pa nkhani ya vakudya, muzichosako ibili. Imwe mukamba ati ali na miyezi folo, koma pakhosi pake na mumala mwake ni mwana wa miyezi ibili chabe. Mungapase phala mwana wa miyezi ibili?"

Ba Ennie anaweramitsa mutu.

"Tizayembekeza afike pafupi na miyezi eiti," anapitiriza Sisita. "Koma osayangana chabe kalenda. Muziyangana mwana. Mutu aziimika eka osagwa. Azinkhala mukamugwililila. Mukamadya aziyangana pakamwa panu na kufuna kutenga. Tikaona ivo, tizakambisana. Pakali pano bele, na ka mankhwala ka magazi kaja nakupasani. Kuchepa thupi sikutanthauza njala. Mzele wake pa sikelo ukwela, olo pang'ono pang'ono."

Mawa lake ba Ennie anamanga katundu. Exildah sanatuluke m'chipinda kudzatsanzikana nawo. Lemmy anawanyamulira chikwama mpaka pokwerera mabasi. Basi ili pafupi kunyamuka, ba Ennie anagwira mkono wa mlongo wawo.

"Lemmy, ine ndimafuna akhale ndi moyo."

"Ndikudziwa, asisi."

"Iwenso ndinakudyetsa choncho. Sindinadziwe kuti..."

"Ndikudziwa," anabwereza Lemmy. Anangovula jekete yake n'kuwafunditsa pamapewa, chifukwa kunja kunkawaza.

Miyezi yotsatirayo inali yodikira, ndipo kudikira m'komboni yodzaza anthu ngati Kanyama si chinthu chapafupi. Aliyense ali ndi maso, aliyense ali ndi malangizo. Azimayi obwera kudzalukitsa tsitsi ankafunsa msinkhu wa mwana, akamva n'kuyang'anizana. Ba Magdalene ankati mdzukulu wawo wobadwa mwezi womwewo akudya kale mpaka nthochi. Exildah, amene kale sankasowa yankho, ankangoti, "Sisita banakamba," n'kupitiriza kuluka. Lemmy yekha ndiye ankaoneka kuti sizikumukhudza. Madzulo alionse akafika, ankasamba m'manja, n'kumukhazika Chansa pabondo lake atamugwira m'khwapa, n'kumayang'ana mutu. Poyamba unkagwera kutsogolo ngati duwa lofota. Kenako unayamba kuima kanthawi, n'kugwedezeka, n'kugwa. Mvula itatha, mphepo yozizira itayamba, unaima ndithu.

Lamlungu lina atabwera kutchalitchi, Lemmy anali kudya kandolo, mbatata yophika, mwana ali pamiyendo pake. Anaona timaso tiwiri tikutsatira dzanja lake kuchokera m'mbale mpaka kukamwa, n'kubwereranso. Anayesa kuimitsa dzanja m'malere. Timaso tinaima pomwepo. Kenako kadzanja kanatambasuka n'kugwira chala chake, n'kuyamba kuchikoka.

"Amake Chansa," anaitana chapansipansi. "Bwelani muone."

Mu Juni, Sisita Chilekwa anamuyeza mwanayo, anamukhazika patebulo atamugwira m'chiuno, n'kumuseweretsa ndi cholembera, ndipo anavomera. Anawauza kuti phala likhale losalala koma lolimbako, loti likhale pasipuni osayenderera, chifukwa lamadzimadzi limadzaza mimba popanda kupatsa mphamvu, komanso ndi lomwe limathamangira kukhosi. Mwana akhale tsonga, osamugoneka. Ayambe ndi kansonga ka sipuni chabe, mwana ali maso bwino ndiponso asanalire ndi njala. Bere lisasiyidwe. Ndipo anabwereza kawiri kuti asamukakamize.

Lemmy anagula kasipuni kofewa kapulasitiki ndi kambale kachikasu. Exildah anasefa ufa, anaphika pambaula mofatsa, n'kufinyiramo mkaka wake pang'ono kuti fungo likhale lodziwika kwa mwana. Anayesa kutentha kwake padzanja kangapo. Anakhala pampando, mwana pamiyendo, n'kutapa. Sipuni itayandikira pakamwa pa Chansa, dzanja la Exildah linayamba kunjenjemera mpaka phala linagwera pachitenje. Anayesanso. Sipuni itangokhudza mlomo, mwanayo anatseka pakamwa, anapindikira kumbuyo ngati uta, n'kulira kulira kwa mantha kumene makolo ake anali asanakumvepo chichokereni kuchipatala.

Exildah anaika mbale pansi n'kuyamba kulira nayenso.

"Bashi Chansa, siningakwanise. Nikaona sipuni niona milomo yake ija yakuda. Nizamupaya ine."

Anayesa mawa lake, ndi mkuja wake, koma zinali chimodzimodzi. Atabwerera ku kiliniki, Sisita sanadabwe. Anati ana ambiri amene anakhalapo ndi mapaipi m'mphuno ndi m'kamwa amaopa chilichonse choyandikira pankhope, chifukwa chimene akudziwa n'chakuti zobwera pamenepo zimapweteka. Anati mankhwala ake ndi kuleza mtima: mwana aone chakudya, achigwire, adzipake, mpaka adziwe kuti si mdani. Ndipo womudyetsa akhale munthu wosanjenjemera, chifukwa mwana amamva mantha kudzera m'thupi la womunyamula.

Pobwerera kunyumba, atafika pafupi ndi msika, Lemmy anati, "Nizayesako ine."

Anapempha kapitawo kuti kwa kanthawi aziyamba ntchito mochedwerako n'kumaweruka mochedwa. Kapitawo anafunsa chifukwa, ndipo atamva anaseka, koma analola. Pofika masana gulu lonse linali litadziwa, ndipo Lemmy analandira dzina lina: ba Nesi. Akanyamula thumba, wina ankakuwa kuti, "Pang'ono pang'ono ba Nesi, lingasamwe!" Iye ankangopukuta thukuta.

M'mawa uliwonse, dzuwa likangofika pakhonde, ankayala thumba lakale pansi, n'kukhala atatambasula miyendo, Chansa atatsamira pamimba pake cham'mbali kuti azionana nkhope. Mbale ankaiika pakati. Masiku oyambawo sanayese n'komwe kumudyetsa. Ankatapa phala n'kudya yekha, akutsegula kukamwa kwambiri, akutafuna mokokomeza ngati akudya nyama ya pa Khirisimasi. Chansa ankamuyang'ana mokayikira. Kenako Lemmy anamupatsa sipuni kuti agwire. Mwanayo anaimenyetsa pansi, anaiponya, anaviika dzanja lonse m'mbale, n'kudzipaka pamimba, m'tsitsi, ndi pandevu za bambo ake. Phala lonse linkathera pathumba, ndipo nkhuku za ba Magdalene zinazolowera kubwera kudzadikira pafupi.

Chodabwitsa chinachitika kwa Lemmy mwiniwake. Sisita anali atanena kuti azilankhula naye mwanayo, ndipo iye sankadziwa kuti mwana amauzidwa chiyani. Choncho anayamba kumuuza za kuntchito. Ankamufotokozera za thiraki imene inabwera ndi matumba onyowa, za dalaivala wa ku Tanzania wokonda kuimba, za kulemera kwa mchere poyerekeza ndi chakudya cha nkhuku. Kenako zinabwera za ku Katete: mbuzi imene inkamuthamangitsa ali mwana, mtengo wa mango wa kuseri kwa sukulu. Exildah, akutsuka mbale kumbuyo kwa chitseko, ankamva nkhani zimene sanazimvepo pa zaka zonse za ukwati wawo. Tsiku lina anamumva akuimba nyimbo ya kwaya ndi mawu ake okhuthala, osalongosoka, ndipo anadzitseka pakamwa kuti asaseke mokweza.

Patapita masabata angapo, kusikelo kunaoneka kuti mzere wa Chansa waima, sunakwere. Exildah anada nkhawa. Sisita anati abwerenso msanga kuti aone, koma apitirize momwemo. Usiku wa tsikulo Lemmy sanadye bwino.

Ndiye m'mawa wina wozizira, pakati pa nkhani ya tayala lophulika, Chansa anakweza kadzanja kake kodzaza phala, anakayang'ana, n'kukalowetsa m'kamwa. Anakwinya nkhope yonse. Lemmy anapitiriza kulankhula ngati palibe chachitika. Mwanayo anayendetsa lilime, anameza, n'kuviikanso dzanja. Lemmy anatapa kansonga ka sipuni n'kuiimika patsogolo pake, osaikankhira. Anadikira. Chansa anaiyang'ana nthawi yaitali, anayang'ana bambo ake, kenako anaweramira kutsogolo yekha n'kutsegula pakamwa.

Kanali kaphala kochepa kwambiri, kosakwana n'komwe kudzaza chikhadabo. Lemmy anapita kuntchito tsiku limenelo ali ndi phala louma pakolala, ndipo anakana kulipukuta.

Sikuti zonse zinayenda bwino kuchokera pamenepo. Panali masiku amene Chansa ankakana ndithu, ndipo Lemmy ankangotseka mbale n'kumupereka kubere. Tsiku lina phala linapita kumbuyo kwa lilime, mwana n'kuchita ngati akufuna kusanza, maso kufiira. Exildah anakuwa, "Mayo!" n'kuthamanga kuti amulande. Lemmy anakweza dzanja limodzi kumuimitsa, maso ali pamilomo ya mwana.

"Yanganani, apuma. Milomo ili bwino. Sisita banakamba ati ngati achita chongo na kukosomola, alimbana nacho eka. Choyofya ni ngati ankhala zii."

Chansa anakankha phalalo ndi lilime, linatuluka, ndipo anatsegulanso pakamwa kufuna lina. Exildah anakhala pansi pomwepo.

Lemmy ankadziwa kuti sangakhale wodyetsa yekha mpaka kalekale. Mwana anafunika kudya masana iye ali kuntchito, ndipo kapitawo anali atayamba kufunsa kuti zitha liti. Choncho Loweruka lina anamuitana mkazi wake kuti akhale pathumba paja, anamupatsa mwana ndi sipuni, iye n'kukhala kumbuyo kwake. Dzanja la Exildah litayamba kunjenjemera, Lemmy anaika chikhatho chake pansi pa chigongono cha mkaziyo.

"Osamupelekela. Imikani chabe apo. Azabwela eka."

"Nanga akakana?"

"Akakana, akana. Kambani naye. Imwe ndimwe muziba kukamba."

Exildah anaseka misozi ili m'maso, n'kuyamba kumuuza mwana wake, m'Chibemba, za kasitomala amene anafuna tsitsi lofika m'chiuno koma osafuna kukhala pansi. Ali pakati pa nkhaniyo, anamva sipuni ikukokedwa.

Cha kumapeto kwa nyengo yozizira, kondakitala wa basi ya ku Chipata anaimbira Lemmy foni kuti akatenge katundu wake wochokera ku Katete. Linali thumba la mtedza, nshawa zatsopano, zosendedwa kale ndi zosankhidwa bwino, popanda ngakhale imodzi yowola, ndi maungu awiri. Ba Ennie sanatumize mawu alionse. Exildah analiyang'ana thumbalo tsiku lonse osalikhudza. Mawa lake anakafunsa Sisita ngati nsinjiro zingaloledwe, ndipo atauzidwa kuti ayambe ndi pang'ono n'kuona ngati thupi silituluka zidzolo, anabwereka mtondo kwa ba Magdalene. Anasinja, anasefa, anasinjanso.

Zakudya zinayamba kuwonjezeka chimodzichimodzi: dzungu lophwanya, kandolo, dzira lophika bwino, peyala lotchedwa kotapela, tinsomba ta kapenta tokazinga n'kusinjidwa mpaka kukhala ufa. Chansa anakonda dzungu, anadana ndi kotapela, ndipo kapenta anamulandira atamukana kambirimbiri. Phala linayamba kukhala ndi timibulu, kenako anayamba kutola yekha tizidutswa ta nthochi. Mzere wa kusikelo unayambanso kukwera. Sunafike pa mizere ya ana ena, koma unali ndi njira yakeyake, ndipo Sisita anati imeneyo ndiyo yofunika. Lemmy anabwerera ku nthawi yake yakale ya ntchito, koma dzina la ba Nesi silinamuchoke.

Pa Khirisimasi, Exildah mwiniwake ndiye anaimba foni ku Katete. Ba Ennie anafika ataonda pang'ono, ndipo anakhala pampando wa pakona ngati mlendo. Anamuyang'ana Chansa akukwawa, akukoka nsalu ya patebulo, koma sanatambasule manja. Nthawi ya chakudya cha mwana itakwana, ananyamuka kuti akaone za kukhitchini.

"Ba mulamu," anaitana Exildah. "Nkhalani. Ine manja yanga yali na sopo."

Manja ake analibe sopo. Anawaika mwana pamiyendo, n'kuwapatsa kambale kachikasu. Ba Ennie anayang'ana mlongo wawo.

"Ndimugwire bwanji, Lemmy? Undiphunzitse."

Lemmy anagwada pambali pawo, n'kuwongola msana wa mwana, n'kuwasonyeza poimika sipuni. Chansa anawayang'ana mayi achilendowo kuyambira kumutu mpaka kumapazi, analanda sipuni, n'kuwapaka dzungu patsaya. Ba Ennie anaseka, ndipo kusekako kunasanduka kulira, ndipo kulirako kunabwereranso kukhala kuseka.

Lero Chansa ali ndi zaka zinayi. Ndi wamfupi kuposa anzake a kusukulu ya mkaka ya kutchalitchi, koma mawu ake amamveka mpaka pamsewu. Anatengera amayi ake. Lemmy akunyamulabe matumba, ngakhale msana wayamba kumuuza kuti zaka zikupita, ndipo akuphunzira kuyendetsa kagalimoto konyamulira katundu m'chinyumba chija. Banjali linasamukira ku zipinda zitatu kumtunda, kumene madzi safika pakhomo. Nkhondo imene yatsala m'nyumbamo ndi ya chibwabwa, ndiwo za masamba a maungu. Chansa amati masamba ndi chakudya cha mbuzi, ndipo posachedwapa anauza bambo ake kuti akadya adzamera nyanga.

"Nanga ine nimadya, nyanga zili kuti?" anafunsa Lemmy.

Mwanayo anakwera pabondo lake, anapapasa mutu wonse mosamala kwambiri, kutsogolo ndi kumbuyo, n'kunena kuti zikubwera, wazimva.